Mahedifoni a ma ohm 300 ndi 600: kodi ampulifaya yake ndi iti?

Munthu akagula mahedifoni ngati Sennheiser HD 650 kapena Beyerdynamic DT 880 n'kuwalumikiza ku foni, nthawi zambiri chimwemwe sichikhalitsa. Voliyumu waikweza mpaka kumapeto koma nyimbo ikumveka chapansipansi, ng'oma zafooka, besi yazimiririka. Akafunsa anzake odziwa za zipangizo, onse amayankha mofanana: amenewo ndi a ma ohm ambiri, pezani ampulifaya yamphamvu. Yankholi si labodza, koma ndi loperewera, ndipo kuperewera kwakeko n'kumene kumawonongetsa anthu ndalama. Wogula amathamangira bokosi lolembedwa ma watt ambiri, pomwe mahedifoni otere ma watt sawafuna n'komwe. Chimene amafuna ndi voteji, ndipo kuchuluka kwake mungathe kuwerengetsera nokha papepala musanatulutse ndalama.

Tiyambe ndi zimene zili m'kati. M'khutu lililonse la hedifoni muli kakoyilo ka waya wopyapyala kwambiri, kokhala pakati pa maginito. Magetsi onyamula nyimbo akamadutsa mu waya ameneyu, kakoyiloko kamanjenjemera n'kumagwedeza kapepala kopyapyala kamene kamakankha mpweya kulowa m'khutu. Impedance, imene imayezedwa mu ma ohm, ndi kukanika kumene magetsi amakumana nako podutsa m'koyilomo. Timahedifoni tobwera ndi foni timakhala ta ma ohm 16 kapena 32. HD 600, HD 650 ndi HD 800 za Sennheiser n'za ma ohm 300. Beyerdynamic imapanga DT 880 ya mitundu itatu: ya 32, ya 250 ndi ya 600. Taganizirani za paipi yopyapyala: madzi odutsamo ndi ochepa, koma kuti atuluke mwamphamvu thanki iyenera kuikidwa pansanja yaitali. Voteji ndiyo kutalika kwa nsanjako, karenti ndiyo kuchuluka kwa madziwo. Mahedifoni a ma ohm 600 amamwa karenti yochepa kwambiri, koma amafuna nsanja yaitali, ndipo foni nsanja yake ndi yaifupi.

Mwina wina angafunse kuti opanga amavutitsiranji anthu chotere. Kwenikweni mahedifoni amenewa ndiwo akale, a ma ohm ochepa ndiwo alendo. HD 414, imene Sennheiser inatulutsa mu 1968, inali ya ma ohm 2,000. Mawailesi ndi maampulifaya a m'nyumba a nthawi imeneyo ankapatutsa mawu a hedifoni kuchokera ku mphamvu yomweyo yoyendetsa masipika, choncho voteji inalipo yambiri. M'masitudiyo munali chifukwa china. Oimba khumi akamajambula limodzi, mahedifoni awo onse ankalumikizidwa ku ampulifaya imodzi. Mahedifoni khumi a ma ohm 600 akalumikizidwa motero, ampulifaya imaona ma ohm 60, katundu wosalemera. Akakhala a ma ohm 32, imaona ma ohm 3.2, ndipo imatentha. Zinthu zinasintha mu 1979 pomwe Sony inatulutsa Walkman, kachipangizo koyendera mabatire awiri ang'onoang'ono. Mabatire awiriwo amapereka ma volt atatu okha, kotero mahedifoni anayenera kumveka ndi voteji yochepa. Foni za lero zinatengera mwambo womwewo. A Beyerdynamic amanenanso kuti waya wopyapyala kwambiri amapepukitsa koyilo, ndipo koyilo yopepuka imatsatira nyimbo mwachangu. Mfundoyi ndi yomveka, komabe ine kusiyana kwa DT 880 ya 250 ndi ya 600 ndimakuona kuti n'kochepa kuposa mmene okonda zipangizo amakukokomezera.

Nambala ya ma ohm payokha siikuuzani ngati mahedifoni ali ovuta kuyendetsa. Pali nambala ina imene ogula ambiri amaidumpha: sensitivity, kutanthauza kukwera kwa mawu amene mahedifoniwo amatulutsa akalandira magetsi a muyeso wodziwika. Vuto lake makampani salemba mofanana. Sennheiser imati HD 650 imatulutsa ma decibel 103 ikalandira volt imodzi. Beyerdynamic imati DT 880 imatulutsa ma decibel 96 ikalandira milliwatt imodzi. Miyeso iwiriyi si yofanana, ndipo ogulitsa ena amangolemba nambala osatchula kuti ndi muyeso uti. Mukapeza nambala yotero, fufuzani kaye. Kuwerengetsera kulikonse kochokera pa iyo n'kongopeka.

Masamu ake ndi ochepa. Kuti mawu akwere ndi ma decibel 6, voteji iyenera kuwirikiza kawiri. Kuti akwere ndi ma decibel 10, ma milliwatt ayenera kuwirikiza kakhumi. Tsopano tisankhe denga. Munthu wosamala makutu ake amamvera nyimbo pa ma decibel 70 mpaka 80, ndipo bungwe la World Health Organization limalangiza akuluakulu kuti pa ma decibel 80 asapitirire maola 40 pa sabata. Koma nyimbo siyenda pa muyeso umodzi. Ng'oma ikagunda kapena gulu lonse la zoimbira likalowa nthawi imodzi, mawu amalumpha kwa kamphindi, ndipo m'nyimbo zojambulidwa mosapanikiza, monga za jazi kapena za magulu akuluakulu a zingwe ndi malipenga, kulumphaku kumatha kufika ma decibel 20 pamwamba pa muyeso wamba. Ampulifaya ikalephera kufika pamenepo imadula nsonga za mawuwo, ndipo khutu limamva kusweka kapena kuuma. N'chifukwa chake ambiri amawerengera denga la ma decibel 110. Si kuti muzimvera pamenepo, makutu angathe msanga. Ndi malo osiyira nsonga zija kuti zizidutsa zosaphwanyika.

HD 650 ikuyambira pa 103, ndiye ikusowa ma decibel 7 kuti ifike 110. Zimenezo zikufuna ma volt pafupifupi 2.2, omwe pa ma ohm 300 ndi ma milliwatt 17 okha. DT 990 Pro ya Beyerdynamic ya ma ohm 250, imene imatulutsa 96 pa milliwatt imodzi, ikusowa ma decibel 14, kutanthauza ma milliwatt 25, kapena ma volt 2.5. DT 880 ya ma ohm 600 ikufunanso ma milliwatt 25 omwewo, koma kuti alowe m'koyilo yokanika chonchi pafunika ma volt pafupifupi 3.9. Mwaona kuti palibe imene yayandikira ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a watt. Nkhani yonse ya mahedifoni "ovuta" amenewa yagona pakati pa ma volt awiri ndi anayi.

Nanga zipangizo zimene muli nazo kale zimapereka zingati? Kachingwe ka Apple kolumikiza hedifoni ku bowo la USB-C kamatulutsa pafupifupi volt imodzi ngati ndi kamene kamagulitsidwa ku America, koma kogulitsidwa ku Ulaya kamatulutsa theka lake. Volt imodzi imafikitsa HD 650 pa ma decibel 103. Kwa munthu womvera nyimbo zamakono, zimene zimapanikizidwa m'situdiyo kuti zizimveka zokwera kuyambira poyamba mpaka pomaliza, zimenezo n'zokwanira, ndipo amene amakuuzani kuti HD 650 "siimveka konse" pa kachingwe kotere akukokomeza. Pa DT 880 ya 600, volt imodzi imapereka pafupifupi 98, theka la volt limapereka 92, ndipo apa kuperewera ndi kwenikweni. Apple yomweyo inasintha bowo la hedifoni pa MacBook Pro kuyambira mu 2021: likazindikira mahedifoni a pakati pa ma ohm 150 ndi 1,000 limapereka mpaka ma volt atatu. Mwini laputopu yotere ali kale ndi ampulifaya ya HD 650, ndipo ngakhale DT 880 ya 600 imafika pafupifupi 108. Ojambula nyimbo m'masitudiyo ang'onoang'ono akhale tcheru ndi timabokosi tojambulira mawu toyendera magetsi a USB okha. Tambiri timajambula bwino, koma bowo lake la hedifoni limapereka voteji yochepa, ndipo woimba wovala mahedifoni a 250 amadandaula kuti sakudzimva.

Mukamawerenga pepala la ampulifaya, funafunani mzere wonena mphamvu yake pa ma ohm 300 kapena 600. Makampani amakonda kulemba zilembo zikuluzikulu mphamvu ya pa ma ohm 32 chifukwa nambala yake imasangalatsa maso. Mzere wa 300 ukasowa, mungayerekeze. Ampulifaya yopereka watt imodzi pa ma ohm 32 ikutulutsa ma volt pafupifupi 5.7, voteji yomweyo pa ma ohm 300 ndi ma milliwatt oposa 100, ndipo pa 600 ndi oposa 50. Imeneyo yakwana ndi kutsala. Kachipangizo kolembedwa ma milliwatt 100 pa ma ohm 32 kakutulutsa ma volt 1.8, omwe pa 300 ndi ma milliwatt 11 okha. Pa HD 650 kakuyandikira denga, pa DT 880 ya 600 kakuperewera. Kuyerekezaku kumatha kuchepetsako pang'ono, chifukwa maampulifaya ena amatulutsa voteji yokwererapo katundu akapepuka, koma sikungakunamizeni mokugulitsani chinthu chofooka.

Pongodutsa: mahedifoni amene amavutitsadi maampulifaya si a ma ohm ambiri. HiFiMan Susvara ndi ya ma ohm 60 okha, koma imatulutsa ma decibel 83 pa milliwatt imodzi. Kuti ifike 110 ikufuna theka la watt, ndi karenti yoposa ya DT 880 ya 600 pafupifupi ka 14. Maampulifaya akuluakulu otentha ngati mbaula amapangidwira mahedifoni a mtundu umenewo. Wina akakulangizani bokosi lotero pa HD 600, akukupatsani mankhwala a matenda a munthu wina.

Pali nambala yachitatu, imene kwa ine ndiyo yosangalatsa koposa, chifukwa ndi imene imasinthadi kamvekedwe. Ampulifaya nayo ili ndi impedance yake potulukira mawu. Langizo lodziwika, limene linafalitsidwa kwambiri mu 2011 ndi katswiri wina wobisa dzina wodzitcha NwAvGuy, amene anapanganso ampulifaya yotsika mtengo ya Objective2, n'lakuti impedance ya ampulifaya isapitirire gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a impedance ya mahedifoni. Pa mahedifoni a ma ohm 32 malire ake ndi ma ohm anayi, ovuta kwa zipangizo zina. Pa a 300 malire ndi 37, pa a 600 ndi 75. Apa ndiye mahedifoni a ma ohm ambiri amapambana: sasankha, amamveka mofanana pa zipangizo zambiri, ndipo kaphokoso ka shiii kochokera mu ampulifaya sakaonetsa msanga.

Chifukwa cha langizoli ndi ichi. Nambala 300 ya pa HD 650 siikhala yomweyo pa mawu onse. Pa mawu a besi, chapafupi ndi ma hertz 100, impedance yake imakwera kufika cha m'ma 500. Ampulifaya ya impedance yochepa kwambiri sizimaikhudza zimenezi. Koma ya ma ohm 120 imagawana voteji ndi mahedifoni, ndipo pamene impedance ya mahedifoni yakwera, iwo amatenga gawo lalikulupo. Zotsatira zake besi ya pamenepo imakwera ndi pafupifupi decibel imodzi, komanso koyilo siigwiridwa molimba ikamaleka kunjenjemera. Mawu amanenepa, amafunda, amafewa. Nambala 120 sindinaitole pamsewu: muyezo wa IEC 61938 wa mu 1996 unalangiza ma ohm 120 pa mabowo a hedifoni, ndipo maampulifaya akale a masipika ambiri ali ndi oposa pamenepo. Ngati m'nyumba muli wailesi yaikulu yakale ya Pioneer, Sansui kapena Kenwood imene ikugwirabe ntchito, yesani bowo lake musanagule chilichonse. Voteji imakhalamo yambiri, ndipo mahedifoni a 600 anapangidwira mabowo oterowo.

Izi zikutifikitsa pa mkangano wa mavavu agalasi ndi mathiranzisita. Maampulifaya a mavavu opanda thiransifoma potulukira mawu, amene amatchedwa OTL, amatulutsa voteji yambiri, karenti yochepa, ndipo impedance yawo ndi yokwera. Pa mahedifoni a 32 amamveka moipa, besi yake yomwazika. Pa a 300 ndi 600 ndiye pakwawo. Yotchuka ndi Bottlehead Crack ya ku America, imene imagulitsidwa ngati zidutswa zoti wogula awotcherere yekha, yokhala ndi mavavu a 6080 ndi 12AU7 komanso impedance ya cha m'ma 120. Anthu ambiri amaikonda ndi HD 600 ndi HD 650, ndipo sindikuwatsutsa. Chimene ndimakana n'chakuti ampulifaya yotere "imatulutsa zobisika" m'mahedifoni. Imawonjezera zakezake: besi yonenepa ija, ndi timawu tina timene mavavu amabala pamwamba pa mawu enieni, timene makutu ambiri amatimva kukoma. Ameneyo ndi mchere, ndipo munthu ali ndi ufulu wothira mchere. Angodziwa kuti akulipira kakomedwe, osati kulondola, komanso kuti mavavu amatentha, amatha, ndipo m'kati mwa bokosilo muli voteji yoti n'kupha munthu. Wosazolowera kuwotcherera asayambire pamenepo.

Kumbali ya mathiranzisita, zaka zapitazi zatsitsa mitengo modabwitsa. Schiit inatulutsa Magni mu 2012 pa madola 99, JDS Labs inatulutsa Atom mu 2018 pa mtengo womwewo, ndipo makampani a ku China monga Topping, SMSL ndi FiiO anadzaza msika ndi timabokosi tofanana. Maampulifaya a patebulo a gulu limeneli amatulutsa voteji yoposa imene tawerengetsera pamwambapa, impedance yawo ndi yochepa kwambiri, ndipo zolakwika zawo n'zochepa moti khutu silingazitole. Ampulifaya yodula kakhumi ingakupatseni bokosi lolimba, chopotokolera voliyumu chabwino, mabowo ambiri ndi chitsimikizo cha zaka zambiri. Zonsezo n'zoyenera kulipira ngati mukuzifuna. Koma pa HD 600, voteji ya ma volt atatu yoyera ndi yomweyo kaya yachokera m'bokosi lotsika mtengo kaya lodula.

Nanga bwanji anthu amalumbira kuti anamva kusiyana kwakukulu? Nthawi zambiri ndi voliyumu. Khutu la munthu likamva mawu awiri ofanana, limasankha okwera pang'ono kuti ndiwo abwino, ngakhale kusiyanako kukhale kosakwana decibel imodzi, ndipo silinena kuti "awa ndi okwera", limati besi yake ndi yolimba, mawu ake ndi otambasuka. M'sitolo ampulifaya yatsopano pafupifupi nthawi zonse imatsegulidwa mokweza. Ngati mukuyerekeza ziwiri, sewerani liwu limodzi losasintha, yezani voteji ya zonse ziwiri ndi mita ya amisiri a magetsi mpaka zifanane, kenako mnzanu azisintha zingwe inu osaona. Zosiyana zikatsalabe, n'zenizeni.

Mphamvu yochuluka mopitirira ili ndi vuto lake. Zipangizo zosandutsa manambala kukhala mawu, ma DAC a patebulo, zambiri zimatulutsa ma volt awiri, muyeso umene unazolowereka kuyambira pa makina oimbira ma CD. Kuti ma volt awiriwo afike anayi, ampulifaya ikungofunika kuwirikiza kawiri. Ikamawirikiza kasanu kapena kakhumi, mudzapeza kuti mukangopotokola pang'ono mawu akwera kale, ndipo mukumvera chopotokolera chili chakumayambiriro kwenikweni. Pamenepo ndi pamene zopotokolera zambiri zimalephera kugawa mawu mofanana, khutu lina limamva mokwera kuposa linzake. Sankhani ampulifaya yokhala ndi swichi ya gain yosinthira kuwirikizaku, yambani ndi yotsika, ndipo mukweze pokhapokha chopotokolera chikafika kumapeto mawu asanakwane. Gain yokwera siiwonjezera ubwino, imangowonjezera kukwera.

Chifukwa chimodzi chomveka chofunira voteji yapadera ndi EQ, kukweza kapena kutsitsa magawo ena a mawu. HD 600 ndi HD 650 zimafooka pa besi yapansi penipeni, ndipo ambiri amaikweza ndi pulogalamu ya pakompyuta. Kukweza besi ndi ma decibel 6 kumafuna kutsitsa kaye nyimbo yonse ndi ma decibel 6 kuti isasweke, ndiye ampulifaya iyenera kubweza zimenezo powirikiza voteji. Ma volt 2.2 aja asanduka 4.4, ndipo a DT 880 ya 600 ayandikira 8. Wokonda besi awerengere zimenezi.

Za mabowo otchedwa balanced, monga la mamilimita 4.4 kapena XLR ya mapini anayi, sindichulutsa. Pa tizipangizo ta m'thumba bowo lotere limawirikiza voteji pafupifupi kawiri, ndipo limatha kusandutsa kachipangizo koperewera kukhala kokwanira. Pa ampulifaya ya patebulo yotulutsa kale ma volt 7 silikupatsani chimene mukusowa. HD 600 ndi HD 650 chingwe chake chimazuka, choncho mungagule china choyenera. DT 880 ndi DT 990 chingwe chake n'chomatirira, kusintha kumafuna mmisiri. Musayese kulowetsa pulagi wamba m'bowo la balanced kudzera pa adaputa, chifukwa imalumikiza mbali ziwiri zosayenera kukhudzana ndipo ampulifaya imatha kupsa.

Kwa owerenga a ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi South Africa pali chinthu china choyenera kuyang'ana musanaitanitse, popeza zipangizo zoterezi nthawi zambiri zimachokera kunja kapena kubwera ndi achibale. Magetsi athu ndi a ma volt 220 mpaka 230, pomwe a ku America ndi 120. Maampulifaya ang'onoang'ono angapo, kuphatikizapo mitundu yambiri ya Magni ndi Atom, amabwera ndi thiransifoma yolemera yobaya pakhoma, yopangidwira voteji ya dziko limodzi lokha ndiponso yotulutsa magetsi a AC. Adaputa yongosintha maonekedwe a pulagi siisintha voteji: thiransifoma ya 120 ikabayidwa pa soketi ya ku Lilongwe imapsa. Simungaibwezeretsenso ndi chaja ya laputopu, chifukwa chajayo imatulutsa DC. Poitanitsa sankhani mtundu wa 230, ndipo kwa a ku Malawi wa pulagi ya mano atatu ya ku Britain ndiwo wolowa mwachindunji. Kumene magetsi amathimathima, ampulifaya ya batire kapena yoyendera USB imene ili ndi dera lokwezera voteji m'kati ingakhale yanzeru kuposa ya pakhoma, bola pepala lake lionetse ma milliwatt osachepera 20 pa ma ohm 300 ngati mahedifoni anu ndi HD 650, kapena 25 pa ma ohm 600 ngati ndi DT 880 ya 600. Ya mavavu muziizula pakhoma magetsi akathima, chifukwa akamabwerera modzidzimutsa mavavuwo akadali otentha, moyo wawo umafupika.